Onse Anangomuyang'ana Modabwa?

Mwezi watha mnyamata wina wa ku Madzimoyo ananditumizira nkhani yake pa WhatsApp kuti ndiione asanaipereke kwa akonzi. Anatumiza mafayilo awiri, ina m'Chingelezi, ina m'Chinyanja, koma nkhani yake imodzimodzi. Wandilola kuti ndikambe za ntchito yakeyo pano, bola ndisamutchule dzina. Ndasankha kuikamba pagulu chifukwa vuto limene ndinalipeza m'nkhaniyo ndimaliona kawirikawiri m'zolemba za achinyamata ambiri, a ku Kapata, a ku Mchini, a ku Nabvutika, ngakhale a m'makomboni a ku Lusaka.

Nkhaniyo ndi yabwino. Mwamuna wina anapita ku Johannesburg kukafuna ntchito, n'kukhala zaka 7 osatumiza uthenga kapena ndalama. Kumudzi anthu anataya mtima, ena n'kumati anafera komweko. Tsiku lina masana minibasi yochokera ku Katete inaima pa Madzimoyo, mumsewu wa Great East, ndipo mwamuna uja anatsika ndi kachikwama kamodzi. Kunyumba kunali amayi ake okalamba, mkazi wake, ndi kamwana ka zaka 3. Werengani zakazo nokha, muona pamene pagona nkhani.

M'Chingelezi mnyamatayu analemba chochitikacho mosamala. Anyamata a njinga onyamula anthu anawapatsa mawu akuti "gawked". Mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anamupatsa "gaped". Amayi a mwamunayo "gazed", mkazi wake "stared". Anthu anayi, mayang'anidwe anayi. Nditatsegula fayilo ya Chinyanja ndinapeza izi: "Anyamata a njinga anamuyang'ana modabwa. Mayi wa tomato nayenso anamuyang'ana modabwa. Atafika kunyumba amayi ake anamuyang'ana modabwa kwambiri, ndipo mkazi wake anadabwa zedi."

Ndinamufunsa kuti zakhala bwanji. Yankho lake ndi limene landichititsa kulemba zonsezi. Anati, "Akulu, Chinyanja chilibe mawu ambiri. Chizungu chinthu chimodzi chili ndi mawu ambirimbiri, ife tili ndi kudabwa basi."

Mnyamatayu analakwitsa, koma sanalakwitse mwaulesi. Tiyeni tiyambe ndi zimene anazidziwa bwino.

Aliyense amene analembako komposishoni ya Giredi 12 akudziwa mndandanda uja wa mawu ofanana matanthauzo umene aphunzitsi a Chingelezi amalembetsa kumapeto kwa kope. Mwambo wosonkhanitsa mawu motere ndi wakale: Peter Mark Roget anasindikiza buku lake lotchuka la mawu ofananirana mu 1852, ndipo ana asukulu akhala akulidalira kuyambira pamenepo. Vuto la mndandanda ndi loti umakupusitsa kuti mawu onsewo ndi amodzi, ungosankha lomveka bwino. Zoona zake n'zakuti liwu lililonse pamndandanda wa kuyang'ana lili ndi chigamulo chake pa munthu woyang'anayo.

"Stare" ndi kuyang'ana nthawi yaitali osaphethira. Pakhoza kukhala kudabwa, mkwiyo kapena mwano, liwulo silisankha. "Gaze" ndi lofatsa: munthu amayang'ana chonchi nyenyezi, khanda lake, kapena phiri la kwawo pobwera kuulendo. Wolemba akapatsa munthu liwu limeneli ndiye kuti akumulemekeza. "Gape" likukamba za pakamwa. Linachokera ku liwu la chinenero chakale cha anthu a ku Scandinavia lotanthauza kutsegula kukamwa, n'chifukwa chake Angelezi amaligwiritsanso ntchito pa chilonda kapena dzenje lotseguka. "Gawk", ndi mnzake "gawp" amene amamveka kwambiri ku Britain, ndi mawu onyoza: woyang'anayo akuoneka ngati chitsiru. "Goggle" ndi maso otuluka, ndipo ndi pachibale ndi dzina la magalasi aja amene owotcherera zitsulo amavala. "Ogle" ndi diso la chilakolako, la bambo amene wasiya kumva zimene mkazi wake akunena chifukwa kwadutsa mtsikana. Anthu a ku America anawonjezerapo "rubberneck", kunena munthu wa khosi ngati la mphira, monga madalaivala amene amachepetsa liwiro pamalo a ngozi kuti aone bwino, osati kuti athandize.

Mnyamata wathu zimenezi anazimva. Sanapatse amayi okalamba liwu lonyoza, analipereka kwa anyamata a njinga. Khutu lake la Chingelezi linagwira ntchito. Funso ndi lakuti, khutu la Chinyanja linapita kuti, popeza ndi chinenero chimene anayamwira?

Ndikuganiza kuti linasochera panjira, ndipo njirayo ndi imene ambiri timadutsa. Timaganiza chiganizo m'Chingelezi, kenaka timafunafuna liwu la Chinyanja loti likhale pampando womwewo. Ukayambira ku "gape" n'kufunsa kuti m'Chinyanja n'chiyani, yankho lofulumira limene limabwera ndi kufotokozera: kuyang'ana modabwa. Ukayambira ku "gawk", yankho ndi lomwelo. Mawu onse aja amathera m'dengu limodzi, ndipo wolemba amatsimikiza kuti chinenero chake ndi chosauka. Sanafunse Chinyanja kuti chimachita bwanji chikakumana ndi munthu wodabwa. Anachifunsa kuti chimasulire Chingelezi basi.

Chizolowezi chimenechi n'chakale kuposa ife. Kuno kum'mawa sukulu zoyamba zinabwera ndi amishoni. A Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anatsegula Magwero mu 1899, ndipo Madzimoyo inatsatira mu 1903. Zambiri zimene ana oyambirira anawerenga m'Chinyanja zinali zomasulira kuchokera ku zinenero za ku Ulaya. Womasulira amatsata zimene zili papepala limene akumasuliralo, ndipo ngati pamenepo palibe "tong'o", iye alibe chifukwa chomulembera. Choncho pang'onopang'ono panakula maganizo akuti Chinyanja cha m'buku chiyenera kukhala chosalala, ndipo mawu okoma aja ndi a pamoto madzulo kapena a pachitsime.

Tsono tiyeni tipite pachitsimepo tikamve. Mayi akufotokozera anzake za mwana wake amene anaona njovu koyamba ku Mfuwe. Sanganene kuti mwanayo anayang'ana modabwa. Anena kuti, "Mwana uja maso tong'o, chitumbuwa n'kugwa m'manja." Chingelezi chimaika mayang'anidwe m'kati mwa mneni, pamene Chinyanja chimawaika m'kaliwu kamene m'kalasi timakatcha mvekero. Katswiri wa zinenero Clement Doke anafotokoza mawu a mtundu umenewu mu 1935, ndipo zinenero zathu za Chibantu zili nawo ochuluka kuposa Chingelezi kutalitali. Amene amawerenga chuma cha Chinyanja poyang'ana aneni okha ali ngati munthu wowerenga chuma cha mlimi poyang'ana m'thumba, osasuzumira m'nkhokwe.

Taonani zimene zili m'nkhokwemo. "Kukamwa yasa" ndi "gape" weniweni, ndipo mneni wake tili naye: kuyasama. "Maso tong'o" ndi "maso tuzu" akuchita ntchito ya "goggle", ndipo nawonso ali ndi aneni awo, kutong'ola ndi kutuzula. Awiriwa safanana ndendende. Kwa ine tong'o ndi wa munthu amene wadzidzimuka kapena wagwidwa ndi mantha, pamene kutuzula maso kumathanso kukhala kwa mkulu amene akukuopseza kuti usiye zimene ukuchitazo. "Dwii" ndi diso losasuntha, lolemera, limene umalimva kumsana usanacheuke. "Mwazumwazu" ndi maso a mlendo amene watsika basi ku Intercity koyamba, sakudziwa choti ayambe kuona. "Chimasomaso" chimapitirira "ogle", chifukwa sichikunena za kuyang'ana kwa tsiku limodzi, chikunena khalidwe lonse la munthu, ndipo mabanja atha nacho. Ndiye pali "kakasi". Uyu wasiya za maso okha, wagwira thupi lonse: miyendo yaima, manja aiwala ntchito, mawu asowa. Tilinso ndi kugwira pakamwa, kumene amayi athu amachita akamva zosayenera kumveka, ndi kugwira njakata, pamene kudabwa kwasanduka kusowa chochita.

Onani kuti mawu athuwanso ali ndi chigamulo, monga a Chingelezi aja. Ukanena kuti munthu anali kukamwa yasa, wamuchotsera ulemu pang'ono, ndipo omvera amamwetulira. Ukanena kuti anangoti kakasi, wamumvera chisoni. Wolemba amene amadziwa kusiyanitsa "gawk" ndi "gaze" ali ndi nzeru zonse zofunika kuti asiyanitse yasa ndi kakasi.

Amene akufuna umboni woti zimenezi zimagwira ntchito m'nkhani yaitali afunse agogo ake za Julius Chongo. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anthu ankasonkhana pawailesi kumvera nthano zake pa pologalamu ya Poceza M'madzulo. Zina mwa nkhanizo zinasindikizidwa m'buku lotchedwa Fumbi Khoboo!, ndipo dzina lokhalo likukuuzani kuti munthuyu sankachita manyazi ndi mvekero. Ernst Wendland, amene waphunzitsa zaka zambiri ku Lusaka, anafufuza mwakuya kalankhulidwe ka Chongo ndipo analemba za luso lake. Anthu a kunja anaona kuti n'zoyenera kuziphunzira ku yunivesite. Ife eni ake tikuzisiya panja pa nkhani zathu poganiza kuti ndi zachimidzi.

Koma pali chinthu chachiwiri chimene mndandanda wa Chingelezi sungakuphunzitseni, ndipo ndi pamene nkhani ya mnyamata uja inaterereka m'zinenero zonse ziwiri. Kwathu kuno diso lili ndi malamulo. Mwana akamadzudzulidwa sayang'ana mkulu m'maso, akatero timati ndi wamwano. Mtengwa satong'olera maso apongozi ake. Pamaliro anthu amawerama. Ndiye musanasankhe liwu la mayang'anidwe, dzifunseni kaye kuti munthu ameneyu, pamalo amenewa, pamaso pa anthu amenewa, ali ndi ufulu woyang'ana kodi?

Ganizirani mkazi uja. Ali pamudzi pa mwamuna wake, monga zimakhalira kwa Angoni ambiri a dera limeneli. Apongozi ake ali pomwepo. Mwamuna amene anachoka zaka 7 zapitazo waima pabwalo, ndipo kamwana ka zaka 3 kagwira chitenje cha mayi ake. Mkazi wotere angayang'ane mwamunayo dwii? Mwina ku London angatero. Pa Madzimoyo, ndikukayika. Iye ndi amene wadabwa kuposa onse, komanso ndi yekhayo amene sangakwanitse kudzutsa maso. Liwu lake ndi kuzyolika, ndipo silipezeka pamndandanda uliwonse wa mawu a kuyang'ana, chifukwa ndi kukana kuyang'ana. Mnyamata wathu anamupatsa "stared" chifukwa ndi limene linatsala pamndandanda, ndipo potero anataya mtima wa nkhani yake.

Ndinayesa kulemba ndimeyo mwanjira yanga kuti ndimuonetse zimene ndikutanthauza. Sindikuti ndi mmene iyenera kukhalira, nkhani ndi yake.

"Minibasi itanyamuka, anyamata a njinga anasiya kukangana. Wina phazi lili papedulo, maso tong'o. Mayi wa tomato anali akuwerenga chenji, anaima kukamwa yasa, wogula atatambasula dzanja. Uthenga unafika kunyumba mwiniwake asanafike. Amayi ake anatuluka ndi mthiko m'manja nangoti kakasi pakhomo. Anamuyang'ana kuyambira kumapazi kukwera pang'onopang'ono, ngati akuwerenga ziwalo kuti aone ngati zonse zabwerako. Mkazi wake anali pamtondo. Anadzutsa mutu kamodzi, nazyolika, n'kupitiriza kukonola chimanga chimene chinali chitakonoleka kale."

Liwu lakuti "modabwa" mulibemo, koma palibe wowerenga amene angafunse ngati anthuwa anadabwa. Chimene "modabwa" amachita ndi kuuza wowerenga zoti amve. Mvekero ndi zochita za manja zimamuonetsa, iye n'kumva yekha.

Pano ndiyenera kuvomereza zinthu zingapo, kuopa kuti mungandiyese wokonda Chinyanja mwakhungu.

Choyamba, mnyamata uja sananame kotheratu. Pali malo pamene Chingelezi chili ndi liwu limodzi ndipo ife tilibe. "Gaze" ndi chitsanzo. Kuyang'anitsitsa kumamveka ngati kufufuza, monga wogula akuyang'anitsitsa salaula kuti aone ngati yang'ambika. Dwii ndi wolemera kwambiri, alibe chikondi. Kuti tinene kuyang'ana kwa mayi amene mwana wake wabwerera, timafunika chiganizo chathunthu, monga ndachitira pamwambapa. Zimenezi si umphawi. Chingelezi nachonso chimafunika mawu angapo kuti chinene kakasi kapena kuzyolika. Chinenero chilichonse chili ndi pamene chimadumpha ndi pamene chimayenda wapansi.

Chachiwiri, mvekero ndi tsabola. Ndawerengapo nkhani za achinyamata amene atamva uphungu ngati uwu anathira mvekero m'chiganizo chilichonse, mpaka nkhani ya maliro n'kumamveka ngati sewero loseketsa. Chongo anali ndi mawu apakamwa, ankatha kukweza, kutsitsa ndi kupumira. Papepala kapena pafoni mulibe zimenezo, ndiye mvekero mmodzi woikidwa pamalo pake amaposa asanu. Muonenso kuti m'ndime yanga ija amvekero oseketsa ndawapereka kwa anthu a pamsewu, amene nkhaniyi si yawo. Pamene tikuyandikira eni chisoni, mawu akuchepa.

Chachitatu, sindikuletsa Chingelezi m'kamwa mwa anthu a m'nkhani zanu. Mtsikana wa m'komboni akamauza mnzake kuti "nenze shocked", mulembeni choncho, ndi mmene amalankhulira, ndipo kumuveka Chinyanja cha agogo kungakhale bodza. Chimene ndikudandaula ndi mawu a wolemba mwini, pamene iye akutifotokozera zimene zinachitika. Pamenepo "modabwa" wobwerezedwa katatu ndi chimodzimodzi kaemoji kaja ka nkhope ya maso aakulu kamene timatumizirana pafoni. Kamatiuza kuti wina wadabwa, koma nkhope yake ndi imodzi kwa aliyense, kaya wapambana mayeso kaya wamva za imfa.

Kwa amene akufuna kuzolowetsa diso, malo ophunzirira ali pafupi. Loweruka lomaliza la February anthu zikwizikwi amadutsa pa Madzimoyo kupita ku Mtenguleni ku mwambo wa Nc'wala, umene unayambiranso mu 1980 utaima kwa zaka zambiri m'nthawi ya atsamunda. Ikafika nthawi yobaya ng'ombe yakuda pamaso pa Inkosi ya Makosi Mpezeni, inu tembenukani, muyang'ane anthu. Mudzaona mwana amene wakwera mumtengo, mlendo amene akuonera zonse kudzera pafoni yake, mtsikana amene waphimba nkhope koma akusuzumira pakati pa zala, ndi nkhalamba imene yaonapo zimenezi kambirimbiri koma milomo ikunjenjemera. Onsewa munthu waulesi angawalembe kuti anayang'ana modabwa. Inu lembani chiganizo chimodzi pa aliyense, osagwiritsa ntchito liwu limenelo. Mukatha, yesani china chovutirapo. Mbiri imati pamene Angoni a Zwangendaba ankawoloka Zambezi mu November 1835, dzuwa linada masana. Lembani nkhope ya mayi amene ali m'mphepete mwa mtsinje ndi mwana kumsana, akuyang'ana kumwamba. Mudzapeza nokha kuti "modabwa" sangathe kunyamula katundu ameneyo.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mndandanda wa mawu umatipatsa changu, timatola liwu tisanaone nkhope. Ngati mawu a Chingelezi aja ali ndi phindu kwa wolemba Chinyanja, phindu lake ndi kutikumbutsa kuti anthu sadabwa mofanana, ndipo wolemba ayenera kudziwa amene akumuseka, amene akumulemekeza ndi amene akumumvera chisoni. Mukadziwa zimenezo, tsekani kope la Chingelezi, mufunse kuti azakhali anu akanainena bwanji nkhaniyi.

Mnyamata uja wanditumiziranso nkhani yake sabata ino. Ndime yanga sanaitenge, ndipo wachita bwino. Mkazi uja wamuchotsa pamtondo, wamuika pachingwe akuyanika zovala, ndipo mwamuna atalowa pabwalo mkaziyo wayanika kamalaya ka mwana, n'kukachotsanso msanga, n'kukabisa pansi pa zovala zina m'beseni. Zimenezo ine sindinaziganize. Amayi okalamba aja akadali "modabwa kwambiri", ndipo ndamuuza kuti abwererenso pamenepo asanatumize kwa akonzi.